Droni ikakana batire lomwe munagula motchipa

Lachisanu lina madzulo, ndili mkati motseka shopu, kunafika mnyamata wojambula maukwati, kachikwama ka droni kali kumsana. Mawa lake anali ndi ukwati, ndipo eni ake anali atalipira kale kuti mdipiti wa magalimoto ujambulidwe kuchokera m'mwamba. Anatulutsa mabatire atatu n'kuwayala patebulo. Limodzi linali lomwe linabwera ndi droniyo. Awiriwo anachita kuitanitsa pa intaneti, pamtengo wosafika ndi theka lomwe la orijino.

"Achimwene, awiriwa akhala akuuluka bwinobwino miyezi iwiri yathunthu. Dzulo ndinapanga update, lero droni ikungoyaka, mapulopela osazungulira. Tandikonzereni, ndagwira mwendo wanu."

Ndinayeza mabatire aja ndi mita. Moto unalimo wokwanira, maselo ake ofanana, osatupa. Panalibe chokonza. Mabatirewo sanafe ayi, droni ndiyo inasiya kuwadziwa.

Nkhani ngati iyi ndimakumana nayo kawirikawiri, ndipo ambiri amaimva molakwika. Ena amati droni ikakana batire ndiye kuti batirelo ndi loipa. Ena amati ikalilandira ndiye kuti ndi labwino. Onsewa aphonya, ndipo achiwiriwa ndi amene amabwera kwa ine ndi droni yoduka mikono m'jumbo.

Kale sizinali chonchi. Kampani ya DJI ya ku Shenzhen, m'dziko la China, yomwe madroni ake ndi amene adzadza m'manja mwa ojambula, itatulutsa droni yake yoyamba ya Phantom mu 2013, batire lake linali wamba: maselo atatu, 2200 mAh (muyeso wa moto womwe batire limasunga), ndi pulagi yachikasu yomwe anthu oseweretsa tindege ndi timagalimoto ta rimoti ankaidziwa kale. Lililonse la msinkhu umenewo limalowa. Koma munthu ankayenera kukhala ndi tchaja yapadera yolinganiza maselo, komanso kudziwa yekha nthawi yotsika. Phantom 2 itabwera kumapeto kwa chaka chomwecho, batire linasanduka kabokosi kotsekeka kokhala ndi batani, timagetsi ndi kakompyuta kake mkati. Kuyambira pamenepo batire linayamba kulankhula ndi droni, ndipo makampani ena nawo anatsata njira yomweyo.

Mukatsegula batire la droni ya masiku ano mumapezamo zinthu ziwiri. Choyamba ndi maselo, omwe amasunga moto. Chachiwiri ndi kabolodi kakang'ono kokhala ndi chip, komwe amisiri timakatcha BMS. Kabolodika kamagwira ntchito yaikulu kuposa msinkhu wake. Kamawerenga moto wolowa ndi wotuluka, kamayeza kutentha, kamaonetsetsa kuti selo lina lisadzadze kuposa linzake, kamadula magetsi likadzadza, ndipo m'mitundu yambiri, mukalisiya lodzadza masiku angapo, kamatsitsa kokha moto kufika cha m'ma 60 peresenti kuti maselo asakalambe msanga. Nambala yomwe mumaona pa foni, yoti kwatsala 40 peresenti, imachokera kwa iko. Droni ikamawerengera kuti nthawi yobwerera yakwana, imakhulupirira mawu a kabolodi kameneka.

Mu chip momwemo ndi mmene muli loko yomwe imachititsa droni kukana batire. Kwathu kuno, mlendo akanena kuti ndi wometa, sangomulola kulowa ku dambwe chifukwa wanena. Amamufunsa funso lomwe yankho lake amalidziwa ndi olowa okha. Droni nayo imatero. Mukangoyatsa, imatumiza nambala yongopeka ku batire. Chip imasakaniza nambalayo ndi kiyi wachinsinsi yemwe anaikidwamo kufakitale, n'kubweza yankho. Yankho likagwirizana, mamota amatseguka. Likasiyana, madroni ena amangochenjeza, ena amakaniratu kunyamuka. Funso limasintha ulendo uliwonse, choncho kungoloweza yankho limodzi sikuthandiza.

Opanga mabatire apadera, osakhala a kampani ya droniyo, amazemba lokoyu m'njira ziwiri. Ena amatola mabatire a orijino omwe anatha, n'kuchotsamo kabolodi, n'kukalumikiza ku maselo atsopano. Ena amapanga chip yawoyawo yotsanzira mayankho. Achiwiriwa ndi amene amagwa m'mbuna update ikabwera, chifukwa firmware yatsopano, pulogalamu ya m'kati mwa droni ija, ikhoza kufunsa mwa njira ina yomwe chip yotsanzirayo sinaphunzire. Ndi zomwe zinamuonekera mnyamata uja.

Tsono taonani bwino chomwe funsolo likufufuza. Likufufuza chip. Silikufufuza maselo. Droni ilibe njira yodziwira ngati kuseri kwa kabolodi koyankha bwinoko kuli maselo atsopano a fakitale yodziwika kapena otolatola omwe anakanidwa poyeza. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Ndinatsegulapo batire lina lomwe kasitomala anabwera nalo droni yake itagwa m'munda wa chimanga, foni ikuonetsa kuti moto unali 31 peresenti. Kunja kwake linali lokongola kwabasi, zilembo zooneka bwino, pulasitiki yosalala, ngakhale kabokosi kake. Chikomekome cha mkuyu. Nditadula msoko ndinapeza maselo ang'ono kuposa malo ake, mpata wotsalawo atatsekamo kasiponji, ndi kachitsulo kopyapyala komatidwa ndi guluu kuti batire lizilemera m'manja. Pa maselowo panalibe dzina kapena nambala iliyonse. Kabolodi kanali kouzidwa kuti maselo ndi a msinkhu wa orijino, ndiye kankawerenga mokhulupirika kuchokera pa nambala yabodza. Batire limeneli droni inkalilandira popanda chenjezo lililonse.

Chimene chimagwetsa droni si kuchepa kwa moto kokha. Selo lofooka likakhala phee limaonetsa volteji yabwino. Mukalikoka mwamphamvu, monga droni ikamalimbana ndi mwera kunyanja kapena ikamakwera mothamanga, volteji imagwa mwadzidzidzi. Selo la mtundu umenewu siliyenera kutsika kupitirira cha m'ma 3 V. Limodzi lokha likafika pamenepo, droni imayamba kutera pomwe ili, kaya ndi pamadzi kaya pamutu pa anthu, ndipo zikavuta kwambiri magetsi amangoduka ili m'mwamba. Foni ikathima mumangotukwana n'kufunafuna tchaja. Droni ikathima imasanduka mwala.

Ndiye makampani akamati loko ndi yoteteza anthu, sakunama kotheratu. Ine ndaona zokwanira kuti ndisawatsutse pamenepo. Koma tisanamizane: batire ndi katundu yemwe mwini droni amagula mobwerezabwereza, ndipo amene wagwira kiyi ndi amene amatchula mtengo. Khalidweli silinayambire pa madroni. Mu 2009 Panasonic inatulutsa firmware yoletsa makamera ake ena kugwira ntchito ndi mabatire a makampani ena. Mu 2016 mapulinta ena a HP anayamba kukana inki yosakhala ya HP. Mu 2019 ma iPhone atsopano anayamba kuonetsa uthenga woti batire silikudziwika ngati walisintha ndi mmisiri wosavomerezedwa ndi Apple, ngakhale batirelo litakhala la Apple lomwe. Pa nkhani yomalizayi palibe anganene kuti vuto linali maselo.

Maganizo anga ndi awa. Kuchenjeza n'koyenera. Kukana kulipira walanti ngati batire lachilendo ndi lomwe lagwetsa droni, nakonso n'komveka, ndipo malamulo a walanti amanena poyera kuti zoonongeka chifukwa cha zipangizo zosavomerezeka ndi zanu. Koma kutseka mamota a chinthu chomwe munthu anagula ndi ndalama zake, kudzera mu update yomwe iye amaona ngati yokonza kamera, pamenepo ndiye ayi. Zimapweteka kwambiri kwa eni madroni akale. Mavic Pro ya 2016 ndi Spark ya 2017 anasiya kalekale kupangidwa, koma ambiri akuulukabe bwino. Mamota ake alibe vuto, kamera ilibe vuto. Chimene chimakalamba ndi batire, ndipo ngakhale mutapeza la orijino losatsegula, lakhala m'bokosi zaka zambiri ndipo maselo a lithiamu amakalamba ngakhale osagwiritsidwa ntchito. Kwa munthu ameneyu batire lapadera si kususuka pa zotchipa, ndi njira yokhayo yomwe yatsala.

Pali loko yachiwiri yomwe anthu ambiri saidziwa mpaka itawagwera. Batire la orijino mukaliiwala m'kabati miyezi yambiri, maselo n'kutsika kupitirira malire, kabolodi kamadzilemba kuti kafa ndipo kamakana tchaja mpaka kalekale. Alipo amisiri omwe amalumikiza kabolodiko ku kompyuta n'kufufuta chizindikirocho. Zimatheka, ndipo nthawi zina maselo amadzukadi. Ine sindichitira kasitomala zimenezi pa batire loti likauluke pamwamba pa anthu, chifukwa selo lomwe linatsika kwambiri limakhala litaonongeka mkati mwa njira yosaoneka ndi maso, ndipo ndi loterolo lomwe limayaka pa tchaja usiku anthu ali mtulo.

Kwathu kuno madroni si achilendonso. Boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu mu 2017, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata mu 2020. Koma wojambula maukwati ndi wopima minda amagula batire ndi ndalama ya m'thumba, m'madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo unangolumpha tsiku limodzi. Kulibweretsa nakonso ndi ntchito. Kuyambira mu 2016, malamulo a zandege a dziko lonse lapansi salola mabatire a lithiamu opakiridwa okha kuyenda ngati katundu wapansi m'ndege zonyamula anthu, n'chifukwa chake ogulitsa ambiri akunja amakana kutumiza kuno. Ngati wachibale akubweretserani kuchokera ku Johannesburg kapena Dubai, muuzeni aike m'chikwama cham'manja, osati m'sutikesi yopita pansi, atamata tepi pomwe pali tizitsulo. Mabatire osapitirira 100 Wh (muyeso wa mphamvu yonse ya batire) safuna chilolezo chapadera, ndipo a madroni ang'onoang'ono ali kutali ndi malire amenewo. La DJI Mini 2 ndi 2250 mAh pa 7.7 V, zomwe ndi 17 Wh ndi kanthu pang'ono.

Ngati mwatsimikiza kugula lapadera, chida choyamba ndi sikelo ya kukhitchini. Moto umalemera. Batire wamba la Mini 3 Pro ndi 2453 mAh ndipo limalemera magalamu 80 ndi theka. Lalikulu lake, la 3850 mAh, limalemera magalamu pafupifupi 121. Wina akakugulitsani lolembedwa 3850 koma lopepuka ngati laling'ono lija, musafunsenso zambiri. Sikelo imagwira wabodza waulesi, koma wabodza wakhama uja wa kachitsulo imamuphonya, choncho pamafunika kuyesa kwachiwiri.

Tchajani lidzadze, pitani pa bwalo la mpira popanda anthu, kwezani droni mamita awiri okha, muisiye iime pamenepo mukuyang'ana wotchi mpaka ifike 20 peresenti. Chitaninso chimodzimodzi ndi la orijino kuti mukhale ndi poyerekeza. Ili m'mwamba choncho, tsegulani pa app pomwe pamaonetsa volteji ya selo lililonse. Maselo abwino amayendera limodzi. Mukaona lina likusiyana ndi linzake ndi 0.1 V kapena kuposa, batirelo lisapite pamwamba pa madzi, padenga kapena pagulu. Yang'aniraninso mmene peresenti ikutsikira. Ikamatsika pang'onopang'ono kenako n'kudumpha kuchoka 35 kufika 15, ndiye kuti kabolodi ndi maselo sakugwirizana. Bwerezani kuyesaku katatu, chifukwa maselo ena oipa amaoneka amphamvu ulendo woyamba. Likangotupa, ngakhale pang'ono moti likuvuta kulowa m'malo mwake, nkhani yatha. Lotupa limatha kukankha tizogwirira take n'kusomphoka lili m'mwamba.

Ndipo kaya ndi la orijino kaya lapadera, musalisiye m'galimoto yotseka mawindo mu October. Kutentha kwa ku Chikwawa sikufunsa kuti munagula kuti.

Kunja malamulo ayamba kusuntha. Lamulo la European Union la mabatire, lomwe linakhazikitsidwa mu 2023, likuti kuyambira pa 18 February 2027 mabatire a zipangizo zonyamulika azitha kuchotsedwa ndi kusinthidwa ndi mwini wake, ndipo mapulogalamu asagwiritsidwe ntchito kutsekereza batire lina logwirizana ndi chipangizocho. Boma la Oregon ku America linakhazikitsa mu 2024 lamulo loletsa kumangirira masipeya ku chipangizo chimodzi kudzera m'mapulogalamu. Malamulowa si athu, koma makampani sakonda kupanga firmware yosiyana ya dziko lililonse, choncho zomwe Azungu akakamiza kwawo zimatha kutifika ndi ife omwe. Ndi mmene zinayendera ndi pulagi ya USB-C pa mafoni.

Mnyamata uja ndinamuuza zomwe ndimauza aliyense: update sapanga usiku woti mawa kuli ntchito, ndipo ngati muli ndi mabatire apadera, dikirani kaye mumve kwa anzanu omwe apanga kale. Kubwezera firmware yakale kumatheka pa madroni ena okha, ndipo yakeyo inakana. Anaimbira mnzake wojambula ku Area 25, yemwe anamubwereka mabatire awiri a orijino posinthana ndi kumugwirira kamera Loweruka lotsatira. Awiri ake aja anandisiyira. Ndinachotsamo maselo, omwe analidi abwino, ndipo pano akuyatsa nyale ya pa tebulo langa magetsi akathima.