SSD sidwala, imangofa

Anyamata a m'masitudiyo a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mu Harare muno akabwera ndi kompyuta kuti ndiwakonzere, funso lawo limakhala limodzimodzi: "Achimwene, kodi SSD imeneyi sitha msanga ndi kujambula kwa tsiku ndi tsiku?" Anamva kuti SSD, chipangizo chosungira zinthu m'makompyuta a masiku ano, ili ndi malire a kulembedwa, ndipo sananamizidwe. Kungoti akuopa chinthu chimene sichidzawaonekera, n'kusiya chimene chikuwadikira pakhomo.

M'kati mwa SSD mulibe chozungulira ngati mu hard drive yakale ija. Muli tizipinda tosaoneka ndi maso tosunga timphamvu ta magetsi, ndipo nthawi iliyonse kachipinda kakafufutidwa n'kulembedwanso, khoma lake limaperepeseka pang'ono. N'chifukwa chake opanga amalemba nambala ya TBW, kutanthauza ma terabyte (terabyte imodzi, 1TB, ndi 1,000 GB) amene mungalembemo iwo akadali kukutsimikizirani kuti ili bwino. Samsung 870 EVO ya 1TB anailembera 600. Crucial MX500 ya 1TB anailembera 360.

Tsopano tiwerengere limodzi. Mayikolofoni imodzi yojambula pa 24-bit, 48 kHz imadya pafupifupi 8.6 MB pa mphindi. Gulu la sungura lojambula ma track 24 (liwu kapena chida chilichonse pachokha), nyimbo ya mphindi khumi (pajatu sungura sithamangira kutha), lidya 2 GB basi. Tinene kuti situdiyo yanu ndi yotanganidwa zedi, mukulemba 20 GB tsiku lililonse osapuma ngakhale Lamlungu. Kuti mufike pa 600 paja padzatha zaka zoposa 80. Ya 360 ija idzakufikitsani pafupi zaka 50. Mawu ndi opepuka kwambiri poyerekeza ndi mavidiyo, ndipo palibe pulodyusa wa mu Harare muno amene adzatopetse SSD yabwino ndi nyimbo zokha.

Nkhani ya liwiro ndi chimodzimodzi. SSD wamba ya SATA imawerenga pafupifupi 550 MB pa sekondi, pamene ma track 100 oseweredwa nthawi imodzi safika n'komwe pa 15 MB pa sekondi. SSD ya mtundu wa NVMe, yothamanga masauzande a MB pa sekondi, imathandiza ngati mumatsekula ma library akuluakulu a Kontakt, nkhokwe za mawu a zida zoimbira, koma kwa wojambula kwaya kapena zimdancehall pa pulogalamu ya FL Studio, kusiyana kwake khutu silingakumve.

Ndiye SSD imafa ndi chiyani? Kawirikawiri chimene chimafa si tizipinda tija ayi, ndi kachipangizo kolamulira zonse, kamene amakatcha controller, kapena pulogalamu yake ya m'kati. Kachipangizo kameneka sikalemba fayilo yanu pamalo amodzi. Kamaidula zidutswazidutswa n'kuzimwaza paliponse kuti tizipinda tizitha mofanana, kenaka kamasunga kaundula wosonyeza kuti chidutswa chakuti chili pakuti. Zili ngati wosunga katundu pa msika wa Mbare Musika amene yekha ndiye ali ndi kabuku kosonyeza mwini wa thumba lililonse: kabukuko kakanyowa, matumba onse alipo, koma palibe angaloze lake. Kaundula uja akasokonezeka, nyimbo zanu zimakhala zikadali m'katimo ndithu, koma kompyuta imangoti palibe chilichonse, kapena imaonetsa drive ya kukula kosamveka.

Apa ndi pamene hard drive yakale inali ndi chifundo. Isanafe nthawi zambiri inkayamba yadwala: kulira kuti kete kete, kuchedwa kutsekula foda, kukana fayilo imodzi lero ina mawa. Munthu watcheru ankapeza mpata wosamutsa zinthu. SSD mumaizimitsa usiku ili bwinobwino, m'mawa BIOS, kapulogalamu kodzutsa kompyuta, sikuiona. Mwayi umodzi umene ena amakhala nawo ndi woti imadzitseka yokha, kulola kuwerenga koma kukana kulemba. Zikatero musachite format (kufufuta zonse n'kuyambiranso), musayambe kuyesa mapulogalamu okonzera. Koperani zonse nthawi yomweyo, kuyambira ndi mawu a oimba.

Kupulumutsa zinthu mu SSD yakufa n'kovuta ndiponso n'kodula, mwinanso n'kosatheka. Ngakhale fayilo imene mwaifufuta nokha mwangozi siichedwa kusoweratu, chifukwa pali lamulo lotchedwa TRIM limene limauza SSD kuti isese malo ofufutidwawo. Pa hard drive fayilo yotero inkatha kupezeka patapita masabata. Pa MacBook za masiku ano zosungirazo anazimatirira pa bolodi, sungazizule n'kukaziika mu kompyuta ina, ndiye bolodi ikapsa zapita limodzi. A Windows nawonso aone ngati BitLocker, pulogalamu yotseka zonse za m'drive ndi kiyi, ndi yoyatsidwa, chifukwa pa makompyuta ambiri atsopano imabwera yoyatsiratu. Kiyi wake ndi wa manambala 48. Mulembeni papepala, muike kumene mumasunga ziphaso zanu.

Kwathu kuno mdani wamkulu ndi magetsi. Amene anali ndi situdiyo mu 2019, komanso kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku Kariba, akukumbuka magetsi akuzima mpaka maola 18 pa tsiku, anthu n'kumajambula pakati pa usiku ZESA, kampani ya magetsi ya kuno, ikawakumbuka. Magetsi akazima SSD ili m'kati molemba kaundula wake, ndi pamene ngozi imachitika. Ma SSD a m'makampani akuluakulu amakhala ndi ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi pang'ono, opatsa kamphindi komalizitsira kulemba. Ambiri amene timagula m'mashopu alibe chitetezo chokwanira chotere. Sikuti kuzima kulikonse kumapha, ayi. Kungoti amene magetsi amamuthawa kangapo pa sabata akuchita maere kangapo pa sabata.

Laputopu ili ndi batire lake, bola likhale lamoyo. Kompyuta ya pa tebulo imafunika UPS, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akazima, ngakhale yaing'ono yongokupatsani mphindi zisanu zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa mwaulemu. Ena amati, "Ife tili pa sola, bambo, sitisowa zimenezo." Yesani kaye: zimitsani magetsi a ZESA pa switch kompyuta ili yoyaka koma isakugwira ntchito yofunika, muone ngati siphethira. Ma inverter ena amachedwa kusintha, ndipo jenereta yaing'ono imene yalumikizidwanso ku firiji imagwedeza magetsi nthawi iliyonse firijiyo ikadzuka. Palinso kubwera kwa magetsi, kumene nthawi zina kumakhala koopsa kuposa kupita kwake, osaiwala mphezi za nyengo ya mvula. Izi zikalowa m'nyumba sizisankha. Zimatha kuotcha kompyuta pamodzi ndi drive ya backup (yosungira makope) imene inali yolumikizidwa pambali pake.

N'chifukwa chake munthu akandiuza kuti ali ndi ndalama yogulira NVMe yapamwamba ya 2TB, ndimamulangiza kuti agule SSD wamba ya dzina lodziwika ya 1TB, yotsalayo agulire ma hard drive awiri akunja. Sakondwa nazo, chifukwa hard drive siioneka yamakono. Koma mfundo imene akatswiri osunga zinthu amagwirizana ndi yakuti chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali ndi enawo. SSD ndi yogwirira ntchito. Hard drive yoyamba imalumikizidwa madzulo, kukopera, n'kuzulidwa. Yachiwiri sigona mu situdiyo.

Kope lakutalilo ndi limene anthu amachita nalo ulesi, pamene ndi limene limapulumutsa pa mavuto aakulu. Mu June 2008 moto unabuka ku Universal Studios ku California n'kuotcha nyumba imene munali matepi oyambirira a nyimbo zambirimbiri. Amenewo anali anthu a ndalama, a alonda ndi zozimitsira moto. Ife kuno moto wathu ndi wakuba. Akathyola chitseko satenga laputopu n'kukusiyirani drive mwaulemu, amanyamula chikwama chonse. Ndaonapo pulodyusa amene anali ndi backup yosamalidwa bwino, mafoda olembedwa mayina ndi masiku, koma drive yake inkagona m'thumba la kutsogolo la chikwama chomwecho cha laputopu, ndipo chikwamacho chinatsala mu kombi. Drive yachiwiri ikasiyeni kwa azakhali ku Mabvuku kapena kwa mlongo wanu ku Chitungwiza, muzikasinthanitsa mukapita kukawaona pakutha pa mwezi.

Intaneti ingagwire ntchito imeneyi kwa amene ali nayo yokwanira, makamaka pano pamene Starlink, intaneti ya pa setilaiti, inayamba kupezeka mu Zimbabwe mu September 2024. Google Drive imapereka 15 GB ulere, zomwe ndi zochepa, koma simufunika kukweza zonse. Ma library ndi ma plugin, timapulogalamu towonjezera pa pulogalamu yojambulira, mungawapezenso. Chimene simungachipezenso ndi mawu a woimba tsiku limene anali ndi mzimu, gitala ya munthu amene pano anasamukira ku Johannesburg, ng'oma za achikulire amene mwina chaka chamawa sadzakhalapo. Kwezani zimenezo. Koma dziwani kuti foda imene imadzifananitsa yokha ndi ya pa intaneti imatsanzira chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe. Mukafufuta kuno, ukonso yafufutika, ndipo imangodikira masiku owerengeka m'zinyalala isanasoweretu. Vayirasi yotseka mafayilo ikalowa, makope otsekedwawo ndi amene amakwera. Tisanamizane, mavayirasi ambiri amene ndimawapeza m'makompyuta a situdiyo amalowera pa ma plugin okuba amene timapatsirana pa fulashi. Drive yozulidwa, yogona mu kabati, vayirasi siipeza.

Ena akamaliza chimbale amachikopera pa SSD yakunja n'kuitsekera mu sutikesi, kuti popeza ilibe chozungulira ikhala mpaka kale. Si choncho. Timphamvu ta m'tizipinda tija timatuluka pang'onopang'ono SSD ikakhala osayatsidwa, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Muyezo wa JEDEC, bungwe loika miyezo ya zipangizo zotere, umangofuna kuti SSD wamba imene yafika pa malire a kulembedwa kwake isunge zinthu kwa chaka chimodzi pa kutentha kwa madigiri 30. Yatsopano imapirira nthawi yaitali kuposa pamenepo, komabe ganizirani sutikesi imene ili pamwamba pa wadirobu, pansi pa malata, mwezi wa October. Hard drive ndi yabwinoko pa ntchito yosunga, ngakhale nayonso si yamuyaya. Mu 2024 kampani yosunga zinthu ya Iron Mountain inanena kuti mwa ma hard drive a m'zaka za m'ma 1990 amene makampani a nyimbo anaitumizira, pafupifupi imodzi mwa zisanu zilizonse sinkawerengekanso. Choncho pakapita zaka zinayi kapena zisanu, zakale zisamukire pa drive yatsopano, yakaleyo ikadali yamoyo.

Pali vuto lina limene silikhudza drive n'komwe. Munthu amakopera fayilo ya pulojekiti yokha, mwachitsanzo .flp ya FL Studio, osadziwa kuti m'katimo mulibe mawu, muli malangizo chabe oloza kumene mawuwo ali. Tsiku lotsekula backup, pulogalamu imayamba kufunsa mafayilo amene anali pa Desktop ya kompyuta yakufa ija. FL Studio ili ndi njira yotulutsira pulojekiti yonse mu zip pamodzi ndi mawu ake. Pa Ableton ndi Collect All and Save, pa Cubase ndi Back up Project, pa Pro Tools ndi Save Copy In. Ndipo nyimbo ikatha, tulutsani track iliyonse payokha ngati WAV, mtundu wa fayilo ya mawu osapanikizidwa, zonse zoyambira pa chiyambi penipeni, kuti aliyense adzathe kuzindanditsa mu pulogalamu ina iliyonse. Ma plugin amatha, ena amakana kugwira pa kompyuta yatsopano. WAV yakhalapo kuyambira 1991 ndipo palibe pulogalamu ya nyimbo imene imaikana.

Zing'onozing'ono ndingozitchula mothamanga. SSD musaidzaze mpaka pakamwa, muzisiyako malo. CrystalDiskInfo ndi pulogalamu yaulere ndipo imaonetsa kutentha ndi zimene zalembedwa kale, zomwe zimathandiza pogula laputopu yogwiritsidwapo ntchito, ngakhale kuti mawu akuti "Good" sakulonjezani za mawa. Drive yakunja muziichotsa ndi Eject, makamaka ya format ya exFAT, imene imasokonezeka msanga ikazulidwa ili m'kati molemba. Ndipo mukaona SSD ya 2TB pa mtengo wa fulashi, isiyeni. Zambiri zotere m'kati mumakhala kamemori khadi kakang'ono konamiza kompyuta, ndipo mukadutsa malire ake enieni zimayamba kutaya zinthu mwakachetechete. Pulogalamu ya H2testw imaziulula, kungoti imafuna maola angapo.

Backup imene simunaitsekulepo musaikhulupirire. Kamodzi pa mwezi tengani drive ija, mupite nayo pa kompyuta ya mnzanu, mutsekule pulojekiti imodzi kuchokera pomwepo, muimvetsere mpaka kumapeto.

Mawu otsiriza apite kwa oimba, makamaka makwaya athu a CCAP ndi magulu ena a mpingo amene amasonkherana ndalama miyezi yambiri kuti akajambule. Ambiri amachoka ku situdiyo ndi MP3 ya pa WhatsApp yokha, poganiza kuti zotsalazo pulodyusa akusunga. Mwina akusungadi, mwinanso malo atamuthera anafufuta kuti alandire gulu lina, ndipo ngati simunapangane kanthu simungamuimbe mlandu. Kambiranani musanayambe kujambula: kodi adzakupatsani ma WAV a track iliyonse, adzasunga pulojekiti kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo pali ndalama yowonjezera kapena ayi. Tsiku lomaliza mupite ndi drive yanuyanu yogulidwa ndi ndalama za gulu, mukopere muli pomwepo, kenaka msungichuma asunge kope limodzi, wapampando lina.