Ampulifaya ikamazima, yambani mwaona waya wa earth

Ambiri amene amabwera kwa ine akudandaula kuti ampulifaya yapsa, ampulifaya yawoyo imakhala ilibe vuto lililonse. Chimene chimawavutitsa ndi kawaya kafupi kamene kamachoka pa ampulifaya n'kukamangidwa pa chitsulo cha galimoto, kamene ife timati waya wa earth. Anthu amasamala kwambiri waya wofiira wochokera ku batire, koma uyu amangomumanga paliponse pamene apezapo bawuti.

Magetsi amene alowa mu ampulifaya ayenera kubwerera ku batire, ndipo njira yake yobwerera ndi thupi la galimotoyo. Ndiye kuti waya wa earth amanyamula katundu wofanana ndi wa waya wofiira uja. Ampulifaya ya 500 watts RMS ikamagunda mwamphamvu imatha kukoka magetsi opitirira 40 amps. Choncho mawaya awiriwa akhale onenepa mofanana, 8 gauge pa ampulifaya yaing'ono kapena 4 gauge pa yokulirapo (nambala ya gauge ikachepa ndiye kuti waya ndi wonenepa), ndipo wa earth asatalike kuposa theka la mita.

Tsiku lina anandibweretsera galimoto imene besi yake inkaduka nyimbo ikafika pokoma. Nditakweza kapeti ndinapeza waya wa earth atamumanga pa bawuti ya mpando, pamwamba pa penti, ndipo pulasitiki wa kumapeto kwake anali atachita bii chifukwa cha kutentha. Ndinasankha malo ena, n'kupala ndi sandipepala mpaka chitsulo chinachita kuwala, n'kumanga zolimba. Kanyale kofiira ka protect, kamene kamayaka ampulifaya ikadzizimitsa podziteteza, sikanayakenso. Mwiniwakeyo n'kuti atafunsa kale mtengo wa ampulifaya yatsopano. Penti salola magetsi kudutsa, dzimbiri nalonso chimodzimodzi.

Musanamasule chilichonse, tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Injini ili yozima, pakati pa polowera positive ndi pa earth pa ampulifaya payenera kuoneka pafupifupi 12.6 volts ngati batire lili lodzaza. Injini ikamalira mupeza pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kenako yezani kawaya kowonda ka remote koyatsira ampulifaya kuchokera ku wailesi, kamene nthawi zambiri kamakhala kabuluu kokhala ndi mzere woyera. Wailesi ikayaka payenera kufika pafupifupi 12 volts. Pa mawailesi ambiri palinso waya wina wabuluu yekhayekha, wa eriyo, amene amapereka magetsi pokhapokha mukamamvera siteshoni. Ngati subwoofer (sipika ya besi) yanu imalira pa FM koma imangoti zii mukasinthira ku Bluetooth, mwalumikiza waya ameneyo m'malo mwa wa remote.

Nkhani ya fyuzi ndiye imandidetsa nkhawa kwambiri. Fyuzi ya pa waya wofiira iyenera kukhala pafupi ndi batire, isapitirire masentimita 45 kuchokera pamenepo. Ntchito yake ndi kuteteza wayayo. Akakhukhuzika pa chitsulo pamene akudutsira kuchoka ku injini kulowa m'kati, batire limakhuthulira mphamvu zake zonse pamenepo, waya n'kufiira, galimoto n'kuyaka. N'chifukwa chake pabowo pamayenera kukhala rabala. Ndipo fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, chonde musaikepo yaikulu kapena kuilumikiza ndi kawaya. Ikukuuzani kuti penapake pali shoti. Pogwira ntchito zonsezi yambani mwamasula negative ya batire.

Earth ikakhala bwino koma ampulifaya n'kumatenthabe mpaka kuzima, werengani ma ohms a masipika anu. Ma subwoofer awiri a 4 ohms mukawalumikiza parallel (positive ku positive, negative ku negative) amakhala 2 ohms, mukawalumikiza series (positive ya imodzi ku negative ya inzake) amakhala 8. Ma ampulifaya ambiri a matchanelo awiri mukawachita bridge (kuphatikiza matchanelo awiriwo kukhala imodzi) amafuna 4 ohms, osatsika pamenepo. Chotsani mawaya a sipika n'kuyatsa. Kanyale ka protect kakazima, vuto lili ku sipika kapena mawaya ake.

Kaphokoso kakulira ngati udzudzu, kamene kamakwera mukaponda moto, kamachokera ku alternator. Nakonso kawirikawiri kamalowera pa earth yofooka. Zimathandizanso kudutsitsa mawaya a RCA, onyamula nyimbo kuchokera ku wailesi, mbali ina ya galimoto, wofiira mbali inayo.

Kabatani ka gain si kokwezera voliyumu. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa ampulifaya ndi mphamvu imene wailesi ikutumiza. Mukakapotokola mpaka kumapeto mawu amaphwanyika, koyilo ya subwoofer imatentha, ndipo mumayamba kumva kafungo ka vanishi wopserera. Ine ndimatsitsa gain mpaka pansi, n'kuika low-pass (kabatani kolola besi yokha kudutsa) pa 80 Hz, n'kukweza wailesi kufika magawo atatu mwa anayi. Ndikatero ndimakweza gain pang'onopang'ono mpaka besi itayamba kusasa, kenako ndimabweza m'mbuyo pang'ono. Bass boost ndimaisiya pa ziro.