Wolemba sadyera buku lokha

Ku Mulanje ndi ku Thyolo kuno anthu ambiri amakhulupirira kuti ndalama ya wolemba ili m'buku basi. Si choncho ayi. Buku ndiye limachedwa kubweza kuposa njira zonse.

Tiyerekeze kuti buku likugulitsidwa K5,000 ndipo wosindikiza amakupatsani magawo 10 pa 100. Pa buku lililonse mumapeza K500, ndipo mumalandira mabukuwo atagulidwa. Akangokhala m'makatoni, mulibe kanthu.

Ndalama yofulumira ili m'ntchito zimene anthu sazitcha n'komwe kulemba. Kumasulira zikalata za mabungwe kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa kumalipidwa powerenga mawu kapena masamba. Makalabu a alimi a tiyi, nthochi ndi chinanazi amafuna wowalembera malamulo a gulu ndi kalata zopempha thandizo. Wamalonda wa pa Chitakale kapena ku Luchenza amafuna uthenga wa pawailesi wa masekondi 30. Palinso masewero a pawailesi, ma CV ndi mbiri ya malemu.

Ambiri amagwa pa pangano. Musayambe ntchito ndi mawu apakamwa. Lembani mtengo, tsiku lopereka, ndiponso kuti mudzakonza kangati, chifukwa kasitomala amabweza ntchito kasanu pa mtengo womwewo. Tengani theka la ndalama poyamba.

Chenjeraninso ndi pangano logulitsa umwini wonse wa zolemba zanu. Mukasaina, buku likadzalowa m'sukulu phindu ndi la wina. Lembetsani ku COSOMA, bungwe limene limatolera ndalama kwa ojambula mabuku pa fotokope n'kugawira eni ake.