Nsalu yoyambira kusoka ndi yoti muiwononge

Mwezi watha kunabwera mtsikana wina pakhonde pomwe ndimasokera ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, atanyamula satini wofiira m'jumbo. Anati wangoyamba kuphunzira ndipo akufuna kuyambira diresi. Nditamva ndalama zomwe anaperekapo ndinangoti, "Chemwali, iyi kaisungeni kaye m'sutikesi." Satini imaterera pansi pa singano, ndipo ukamasula msoko wokhota imasiya timabowo tosatsekekanso. Pamene wophunzira amamasula misoko kangapo patsiku.

Manja asanazolowere kupalasa makina kwinaku akuwongolera nsalu, pamapita mamita ambiri ndithu. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nsalu zochokera kunja zinakwera moti kuphunzirira pa yatsopano n'kudziputa dala.

Ine ophunzira anga ndimayamba kuwatumiza ku kaunjika, ku msika wa Zigwagwa, ndipo sindiwatuma zovala ayi, koma mashiti a pabedi. Shiti ya bedi ya anthu awiri nthawi zambiri imapitirira mamita awiri mbali zonse, ilibe msoko pakati, ndipo poti inachapidwa kambiri siingachepenso. Mu shiti imodzi mumatuluka siketi, bulauzi n'kutsalako za kabudula wa mwana. Koma musangotola. Itambasuleni mukuyang'ana kudzuwa: pakati, pomwe munthu ankagona, pamakhala popyapyala, ndipo ngati kuwala kukudutsa kwambiri pamenepo, ing'ambika musanamalize kusoka. Pasakhalenso chothamangira tsiku lomwe atsegula bele. Tsiku limenelo mitengo imakhala m'mwamba chifukwa aliyense akulimbirana zabwino. Inu dikirani zotsala. Shiti yothimbirira pakona kapena yobooka penapake ogula ena amaikana, wogulitsa amavomera kunenerera, pamene inu mudzangodula molambalala.

Malaya akuluakulu achimuna nawonso musawadutse. Mukawaphwasula pang'onopang'ono mumaona mmene kolala ndi mkono zinalumikizidwira, zidutswazo n'kukhala patani yanu, mabatani n'kulowa m'kabotolo. Ineyo kudula kolala ndinakuphunzirira pamenepo, malaya a malume anga omwe mpaka lero amaganiza kuti anabedwa pachingwe.

Funani nsalu ya thonje kapena yosakaniza thonje ndi poliyesita, yosatamuka mukaikoka. Thonje limamvera simbi: mukapinda n'kusita, mpindirowo umakhala pomwepo osafuna mapini ambiri. Chikalata cha m'mphepete chosonyeza mtundu wa nsalu chikakhala kuti chinachoka, sololani timaulusi tingapo mukafika kunyumba, muyatse ndi machesi pambale. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa, n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita amasungunuka ngati jumbo, n'kusiya kanjere kolimba kakuda. Mukatero kawiri katatu, zala zanu zimayamba kuzindikira zokha mumsika momwemo. Zotamuka ngati za matisheti zisiyeni kaye, makina athu opalasawa amazilumphitsa ulusi.

Misoko ikayamba kuwongoka, ndiye mukhoza kulowa ku Taifa Maketi, komwe kuli zitenje zambiri zolowera pa chipata cha Songwe kuchokera ku Tanzania. Pamenepa maso amanama. Chitenje chotchipa amachilimbitsa ndi sitalichi, chimaoneka chokhuthala, koma chikangolowa m'madzi chimasanduka ngati sefa. Fikisani kakona pakati pa zala ngati mukuchapa. Kakafewa msanga n'kuyamba kuonetsa mipata, mwadziwa kale. Funsaninso kutalika kwake. Nsalu yathunthu imakhala mayadi 6, omwe ndi pafupifupi mamita asanu ndi theka, ndipo akaidula patatu chidutswa chilichonse sichikwana mamita awiri enieni. Ambiri amazindikira zimenezi atadula kale thupi la diresi, manja alibe poti achoke. Mukakhala atatu, sonkhani mugule yathunthu mugawane, mtengo wake umatsikako. Ndipo poyamba sankhani ya maluwa ang'onoang'ono obalalika. Ya zithunzi zazikulu imafuna kuti zikumane bwino pamsoko, ndiye imadya nsalu.

Iliyonse yatsopano ichapeni payokha musanaike sizasi, chifukwa thonje limabwerera likanyowa koyamba ndipo utoto wina umatuluka. Kuno kwathu ndi mvula yamawawa ija komanso chisanu cha mu Juni ndi Julayi, nsalu imatha kugona pachingwe masiku awiri, koma musaidule ili yachinyezi.

Zidutswa zotsala kwa matelala zilinso ndi ntchito: kuyeserera kuika zipi, matumba, mabowo a mabatani. Ambirife timazitaya kapena kugulitsa kwa oluka zopondera pakhomo. Mukapempha mwaulemu, makamaka Loweruka madzulo tikamasesa, simubwerako chimanjamanja. Mtsikana wa satini uja ndinamupatsa jumbo lathunthu. Pano ali pa shiti yachitatu, ndipo zipi yake yayamba kugona bwino.