Musanaitane Canter, dziwani chomwe chimadulitsa kusamukira kuphiri kuno ku Chipata

Mwezi ukamatha foni yanga siipuma, ndipo funso limakhala lomwelo: "Bosi, kuchoka ku Kapata kupita cha ku Kanjala ndi zingati?" Ndikanena kuti ndibwere kaye ndione, ena amangodula foni, amaganiza kuti ndikufuna kudzaona masofa awo kuti ndiwakwezere mtengo. Si choncho ayi. Ntchito yonyamula katundu ndaigwira zaka zambiri, ndinayamba ngati mnyamata wokweza ndi kutsitsa, pano ndili ndi ma Canter (malole ang'onoang'ono) anga awiri, ndipo mikangano yambiri imene ndaiona pageti imayamba chifukwa munthu sanauzidwe poyamba chimene akulipira kwenikweni.

Chipata yathu ili m'chigwa, mapiri aizungulira. Tauni yakula, mu 2017 inakhala city, malo akumunsi anadzaza ndiye mapuloti akungokwerakwera m'mbali mwa mapiri, nyumba zabwino ndithu, malodge, mphepo yozizira bwino madzulo, ukaima pakhonde tauni yonse ukuiona pansi. Koma amene amamanga kumeneko nthawi zambiri amayamba ndi nyumba, msewu umabwera pambuyo, penanso subwera n'komwe. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Makilomita 5 apatala ine sindiwaopa, mafuta ake ndi ochepa. Chimene chimadula ndi mamita 100 omaliza, kuchoka pomwe msewu wabwino wathera kufika pakhomo panu.

Ndikabwera kudzaona ndimasiya motoka kumunsi n'kukwera wapansi. Ndimayang'ana ngalande zomwe madzi amvula anakumba pakati pa msewu, miyala yotuluka yomwe ingamenye pansi pa motoka, nthambi za mango ndi mawaya amagetsi otsika chifukwa wadiropu ikaima kumbuyo kwa Canter imatalika kuposa momwe anthu amaganizira. Ndimayeza geti ndi mapazi. Ndimafunsa kuti septic tank ili pati, pakuti mayadi ambiri akuphiri ndi opanikizika ndiye silabu yake imakhala pomwe pamaoneka pabwino poimika motoka, tayala la lole yodzaza likaponda pamenepo imabooka. Kenako ndimafuna malo otembenukira. Ngati palibe ndiye kuti draiva akwera chobwerera m'mbuyo kapena atsika chobwerera m'mbuyo, ndipo zonse ziwiri pachitunda ndi ntchito yofuna munthu wodziwa, ndi mnyamata mmodzi woyenda pambali atanyamula mwala woika kutayala.

Lole yodzaza ikamakwera chitunda chotere imayenda pa giya wani, injini ikulira, dizilo ikupita ngati madzi, ndipo ikangoima pakati n'kuyambanso imadya kilachi. Ngati singafike n'komwe, katundu yense amakwera pamapewa. Ntchito ya anyamata 4 imasanduka ya anyamata 6 kapena 7, ya maola awiri imatha dzuwa litapendeka, kapena tibweretse kavaneti kakang'ono kazitutira kuchoka pomwe lole yaima. Zonsezo ndi ndalama, ndipo palibe amene angaziwerengere pafoni.

Ndinaphunzira izi movutika. Chaka china mu January amayi ena aphunzitsi anandiimbira, tinagwirizana mtengo pafoni, anati msewu uli bwino, matakisi amafika. Sananame, matakisi amafikadi. Koma usiku wake kunagwa mvula yamphamvu, dothi lofiira lija linasanduka sopo, titafika pakati pa chitunda matayala akumbuyo anayamba kuzungulira pamalo amodzi, motoka ikutsetserekera chammbali kulowera kungalande. Tinaika miyala, tinatsitsa katundu pamsewu pomwepo kuti ipepuke. Ndimakumbukira amayiwo ataima ndi ambulera yophimba makatoni a mabuku awo, iwo eni akunyowa, matilesi awiri ali pa tenti m'matope, anyamata akukwera ndi firiji mapazi akuterereka, wina akukuwa kuti "gwira bwino pansipo!" Tinamaliza kutada. Sindinawaonjezere ngakhale ngwee chifukwa mawu anali atapita kale, koma kilachi ndinakasintha sabata yomweyo, ndipo zinandiwawa kwambiri kuona katundu wa munthu amene wamugula pang'onopang'ono ndi malipiro ake akunyowa chonchija. Kuyambira pamenepo nyumba yakuphiri sinditchula mtengo ndisanaione, ndipo pakati pa December ndi March ndimanena poyera kuti kukagwa mvula usiku tidikira dzuwa liume kaye msewu.

Ngati muli kutali, mwina mukuchokera ku Lusaka kapena ku Lundazi, pemphani landilodi kapena wachibale ajambule vidiyo akuyenda wapansi kuchoka patala mpaka pakhomo, atumize pa WhatsApp. Zimathandiza kwambiri, kungoti kamera imabisa chitunda, chimaoneka chogona kuposa momwe chilili.

Tsopano za ulendo wautali. Anthu amadabwa akamva mtengo wopita ku Lusaka, amayerekeza ndi tikiti ya basi. Tiyeni tiwerenge limodzi. Chipata kupita ku Lusaka pa Great East Road ndi makilomita pafupifupi 570, koma motoka iyenera kubwerera, ndiye tikunena 1,140. Canter yanga ikadzaza imayenda makilomita 7 kapena kucheperapo pa lita imodzi, ndiye ndi malita opitirira 160. Tengani mtengo wa dizilo umene ERB, bungwe la boma loika mitengo ya mafuta, yalengeza, muchulukitse nokha, muona kuti mafuta okha atenga gawo lalikulu. Ndipo poti mitengo ya mafuta imasinthasintha, mtengo womwe ndinakuuzani miyezi iwiri yapitayo musaudalire, funsaninso. Onjezani matoll gate, monga wa Reuben Kamanga pakati pa Chipata ndi Katete, wa Alexander Grey Zulu cha ku Nyimba ndi wa ku Chongwe, ndipo timalipira popita ndi pobwera. Onjezani chakudya ndi pogona pa draiva ndi mnyamata wake. Ndiye pali mapiri a Manenekera cha ku Luangwa Bridge, amene amayenda msewu umenewu akudziwa momwe amathera mabuleki ndi matayala, mwini motoka aliyense wanzeru amaika kenakake pambali pa zimenezo.

Njira yopulumutsira ndalama paulendo wautali ilipo: funsani ngati pali motoka yomwe ikubwerera yopanda kanthu. Malole ambiri amabweretsa katundu wamashopu ku Down Shops n'kubwerera opanda chonyamula, mwiniwake amalola mtengo wotsika chifukwa mafuta obwerera analipidwa kale ndi wina. Koma tsiku mudzatsatira lake, osati lanu, ndipo lole yaikulu ngati imeneyo kuphiri siingakwere, mufunikabe Canter yokutsitsirani katundu kumunsi.

Nthawi nayo imasintha mtengo. Kumapeto kwa mwezi aliyense akusamuka tsiku limodzi chifukwa lendi yatha, motoka zimasowa. Nyengo yogulitsa mbewu, kuyambira cha mu June mpaka September, ma Canter ambiri ali kumidzi kututa chimanga, soya ndi nshawa kupita kumadepoti a FRA, bungwe la boma logula mbewu, ndi kwa ogula ena, ndipo kumeneko amapanga matripu angapo patsiku, ndiye kuti asiye zimenezo adzanyamule mabedi anu mtengo uyenera kumukoka. Sabata ya mwambo wa Nc'wala kumapeto kwa February ndi ya mwambo wa Kulamba kumapeto kwa August musayese n'komwe. Mukatha kusamuka pakati pa mwezi, Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, mudzapeza mtengo wabwino komanso anyamata osatopa.

Pali china chomwe ndimapempha makasitomala anga ndi mtima wonse: nenani katundu yense. Munthu amawerenga za m'nyumba, masofa, bedi, sitovu, firiji, koma tikafika tsiku losamuka kuseri kukutuluka matumba a chimanga, madiramu amadzi, mabuloko otsala pomanga, malata, khola la nkhuku. Masofa amadya malo koma ndi opepuka. Chimanga ndiye chimalemera, matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, diramu la malita 210 lodzaza ndi makilogalamu opitirira 200 palokha. Pa Canter ya matani atatu tani imodzi yosayembekezeka imatanthauza tiripu yachiwiri, kapena draiva wadyera adzangopakira zonse n'kukalephera pachitunda. Madzi tayani kapena patsani aneba, mukatunge kumeneko. Ndipo nthawi zina matripu awiri a motoka yaing'ono amatchipa kuposa imodzi yaikulu yomwe iima kumunsi kwa phiri.

Kudikira nakonso kumalipitsa. Tikafika 7 koloko inu mbale zikadali m'kabati, makatani ali pamawindo, kiyi ya nyumba yatsopano ili ndi landilodi amene wapita kumaliro ku Chadiza, ola lililonse pamenepo ndi ntchito ina imene ndataya. Pakirani dzulo lake. Makatoni pemphani m'mashopu masiku angapo zisanachitike, mulembe pamwamba chomwe chili mkati.

Posankha wonyamula, pitani mukaione motoka ndi maso. Pagalasi lakutsogolo pakhale madisiki a road tax, fitness ndi inshuwalansi osatha nthawi, chifukwa ikagwidwa pa roadblock imaima ndi katundu wanu yemwe. Onani matayala, onani ngati ali ndi tenti yosabooka ndi zingwe zokwanira, ndi mabulangeti akale okutira mipando. Dziwaninso ichi, ambiri sachidziwa: inshuwalansi ya third party imene motoka zambiri zili nayo siilipira katundu wanu akaonongeka, imeneyo ndi ya anthu ena ndi zinthu zawo zomwe motoka ingagunde. Yoteteza katundu wonyamulidwa ndi ina, amaitcha goods in transit, ndipo onyamula ang'onoang'ono ambiri alibe. Ndiye funsani mosabisa kuti galasi la disipuleyi likasweka alipira ndani, yankho alilembe. Sikuti mufunika loya, meseji ya pa WhatsApp yakwana: mtengo wonse, matripu angati, anyamata angati ndipo akuwalipira ndani, matoll ali mkati kapena ayi, tsiku ndi nthawi. Nkhani ya anyamata ndiyo imabweretsa phokoso kwambiri, mwini motoka amati ine ndinatchula za transipoti chabe, anyamata aima pageti akufuna zawo, inu ndalama zatha.

Dipoziti ya mafuta ndi yachilungamo, makamaka paulendo wautali, koma musatumize ndalama zonse pa Airtel Money kapena MoMo kwa munthu amene mwangoona chithunzi cha lole pa Facebook. Ndakumana ndi mabanja angapo atakhala pamakatoni panja kudikira motoka yomwe kulibe, nambala yazimitsidwa. Zotsala perekani katundu womaliza akatsika ndipo mwamuona.

Makala ambiri, matabwa, mbuzi kapena nkhumba zimafuna mapepala a Forestry kapena a Veterinary mukamachoka nazo m'boma lina kupita lina, konzani zimenezo nokha nthawi ilipo. Ngati mukudutsa pa Mwami kulowa ku Malawi lembani mndandanda wa katundu yense, a kasitomu adzaufuna.

Za kupakira ndinene zomwe zimaonongeka kawirikawiri kuphiri. Mawadiropu ndi makabati amasiku ano a chipboard sapirira kupendeka, mukawanyamula athunthu pachitunda zomangira zimazuka ndipo sizibwereranso bwino, masulani zitseko ndi mashelefu, masikuluwu muike m'kapepala mumatire kuchitseko chomwecho. Firiji izimitsidwe usiku, madzi atuluke, iyende choimirira itamangidwa kutsogolo pafupi ndi kabini, ikafika isiyeni maola angapo musanaiyatse kuti mafuta a kompresa abwerere m'malo mwake. Zolemera zonse kutsogolo ndi pansi, chifukwa pokwera katundu amafuna kutsetserekera kumbuyo ndipo chitseko chakumbuyo sichingagwire zonse. Silinda ya gasi itsekedwe, iime. Mbaula ionetsetseni kuti yazimiratu, ndinaonapo matilesi akufuka utsi pamsewu chifukwa cha khala limodzi lobisala m'phulusa. TV, laputopu, ma NRC (ziphaso za unzika), masatifiketi ndi mankhwala zikhale m'manja mwanu. Musanatseke nyumba yakale jambulani mita ya magetsi ya ZESCO ndi ya madzi, zimathetsa mkangano wa dipoziti ndi landilodi.

Ndipo chonde, ana ndi agogo asakwere pamwamba pa katundu. Ndikudziwa kuti takisi ndi ndalama ina, koma lole ikagwedezeka pangalande munthu wokhala pa sofa pamwamba paja alibe pogwira. Ine ndimakana, ngakhale kasitomala akwiye. Tikafika pachitunda ndimapemphanso amayi a panyumbapo kuti asonkhanitse ana onse, awo ndi a aneba omwe amathamangira kudzaonerera, aime kumtunda kwa motoka, osati kumunsi kwake, mpaka draiva atazimitsa injini, wasiya mu giya, ndipo miyala yalowa kumatayala onse akumbuyo. Tikatero ndiye timamasula zingwe.