Fayilo ya ma slide ikakana kutseguka

Ambiri amene amandibweretsera malaputopu kuno ku Limbe, kaya ndi ophunzira a ku MUBAS kapena ogwira ntchito m'mabungwe, amafika atagamula kale kuti fayilo yawo yafa. Kawirikawiri imakhala ili bwinobwino, kungoti kompyutayo ilibe pulogalamu yoiwerengera.

Yambani ndi kuona zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo, zotsatira kadontho. Windows imazibisa, choncho tsegulani File Explorer, pitani pa View (pa Windows 11, kenako pa Show), muchonge pa File name extensions. Mukaona .ppt, imeneyo ndi ya PowerPoint (pulogalamu ya Microsoft yopangira ma slide) yakale, ya 1997 mpaka 2003, pomwe .pptx idabwera ndi Office 2007. Ya .ppsx imangoyamba kudzionetsa yokha mukaidina. Kuti musinthemo kanthu, tsegulani kaye PowerPoint ndipo muitenge kudzera pa Open. Ya .odp imachokera ku LibreOffice Impress, pulogalamu yaulere. PowerPoint ya masiku ano imaitsegula, ngakhale zokongoletsa zina zimasuntha.

Imene imasowetsa anthu mtendere ndi .key. Iyi imapangidwa ndi Keynote ya Apple, ndipo imabwera kuchokera kwa munthu wa Mac, iPad kapena iPhone. PowerPoint siitsegula ngakhale mutalimbana nayo tsiku lonse. Ngati muli ndi akaunti ya Apple, lowani pa iCloud.com, muiike mu Keynote ya pa intaneti, kenako muikopere ngati PowerPoint kapena PDF. Izi zimadya bandulo, makamaka fayilo ikakhala ndi zithunzi zambiri. Ine ndimalangiza kumuimbira amene wakutumiziraniyo. Ngati ali pa Mac, akangopita pa File, Export To, n'kusankha PowerPoint, nkhani yatha, ndipo palibe chochititsa manyazi popempha zimenezi. LibreOffice nayo imayesetsa kutsegula .key, koma maonekedwe ake satuluka ndendende.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musafute .key n'kulembapo .pptx poganiza kuti mwaisintha. Kutero kuli ngati kulemba "shuga" pa paketi ya mchere. Zam'kati sizisintha, ndipo amene adzakuthandizeni amayamba wataya nthawi kufufuza kuti fayiloyo inali yamtundu wanji.

Nthawi zina mtundu umakhala wolondola, koma fayiloyo idafika yoperewera chifukwa netiweki idaduka ikukopedwa pa imelo kapena pa WhatsApp. Funsani wotumizayo kukula kwake. Ngati yake ili ndi ma MB angapo pomwe yanu ili ndi ma KB ochepa, ikopereninso. Ndipo mukaona dzina lothera ndi .exe, monga lipoti.pptx.exe, musaidine konse. Imeneyo ndi pulogalamu yodzibisa, ndipo mavayirasi ambiri amayenda motere pa mafulashi amene timabwerekana m'maofesi ndi m'malo osindikizira mapepala.

Palinso vuto lathulathu. Fayilo imatseguka, koma mawu adumpha m'malo mwake, ndipo chilembo cha ŵ chikuoneka chosiyana ndi zinzake kapena chasanduka kabokosi. Apa ndiye kuti font, kutanthauza mtundu wa zilembo, imene mwini wake adalembera mulibe m'kompyuta yanu. Sankhani Arial kapena Calibri, zikhala bwino. Ngati mukukalankhula pamsonkhano pogwiritsa ntchito kompyuta ya eni malo, tengani ma slide anu pawiri, ya .pptx ndi ya PDF. PDF imasunga zilembo monga mudaziikira, koma mavidiyo sasewera m'menemo, choncho vidiyo muiike payokha pa fulashi yomweyo.