Kuganiza kwambiri ndi matenda, ndipo uphungu umathandiza

Ndikuphunzira ntchito ya uphungu wa za maganizo, ndipo masiku ena ndimakumana ndi odwala moyang'aniridwa ndi amene akundiphunzitsa. Sikawirikawiri munthu kulowa n'kunena kuti "ndili ndi matenda a maganizo". Amati mutu sukuleka kuwawa, mtima ukuthamanga, tulo sakulipeza. Wayezetsa malungo kawiri katatu, sanapezeke nawo. Ukamufunsa modekha ndi pamene amatulutsa mawu akuti, "Ndikungoganiza kwambiri."

Kodi kuganiza kumakhala matenda liti?

Aliyense amadandaula. Maliro, ngongole, mbewu zopserera m'munda, banja losokonekera, zonsezi zimalemetsa mtima. Koma tcherani khutu ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo munthu akungokhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene ankakonda sizikumukomeranso, chakudya sichikulowa, amadzuka pakati pa usiku osagonanso, thupi ndi lolefuka, ndipo akudziona ngati wopanda pake. Awa ndi matenda a kukhumudwa, achipatala amati depression. Si ulesi, si kuchepa kwa chikhulupiriro, komanso si misala. Amagwiranso amayi amene angobereka kumene, ndipo ambiri amabisa poopa kunenedwa kuti sakumufuna mwana. Abambo ena matendawa amawabisa mu mowa ndi ukali.

Zimene zimachitika m'chipinda cha uphungu

Ambiri mawu akuti uphungu tidawadziwira poyezetsa magazi, ena amaganiza kuti ndi zofanana ndi kukhala pamaso pa ankhoswe kapena anankungwi. Inenso ndidayamba maphunzirowa ndikuyesa kuti ntchito yanga idzakhala kulangiza. Phunziro limene landivuta kwambiri ndi kukhala chete. Munthu akayamba kulira, pakamwa pamayabwa kuti unene kuti "limbani mtima, zimachitika". Koma mawu amenewa wawamva kale kwa aliyense, ndipo akawamvanso amapukuta misozi, nkhani n'kuthera pomwepo. Phungu saweruza mlandu, sauza munthu kuti athetse banja kapena apirire. Amamvetsera, n'kufunsa kuti pa mavuto onse amene mwawatchula, lomwe likukusowetsani tulo kwambiri ndi liti. Kenako mumaunikira limodzi njira zimene zilipo, inuyo n'kusankha imodzi yoti mukayese sabata imeneyo. Mukabweranso mumakambirana mmene zayendera. N'chifukwa chake kukumana kamodzi sikukwanira.

Njira imeneyi siifuna zipangizo zodula. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench mumzinda wa Harare, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu. A Chishona vutoli amalitcha kufungisisa, kumene ndi kuganiza kwambiri komwe timanena kuno.

Zimene mwanena zimakhala zachinsinsi. Mwamuna wanu, apongozi kapena abwana anu sauzidwa. Ife ophunzira timakambirana nkhani ndi otiyang'anira kuti tisalakwitse, ndipo timayenera kukudziwitsani zimenezi poyamba. Chinsinsi chimaswedwa pokhapokha ngati moyo wanu kapena wa munthu wina uli pachiswe, kapena mwana akuchitidwa nkhanza. Phungu wabwino amakuuzani malire amenewa tsiku loyamba lomwe. Akapanda kutero, mufunseni.

Nanga mankhwala?

Phungu salemba mankhwala. Matenda akakula amakutumizani kwa dokotala kapena namwino wa matenda a maganizo, amene angakupatseni mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine. Mankhwalawa sagwira tsiku lomwelo, pamadutsa milungu iwiri mpaka inayi kuti muyambe kumva kusintha. Musawasiye nokha mukaona kuti mwayamba kupeza bwino. Kupemphera ndi kumwa mankhwala sikutsutsana.

Kokapeza thandizo

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo mufotokoze zonse, osati mutu wokha. Pa chipatala cha boma cha m'dera lanu funsani namwino woona za matenda a maganizo. Palinso Zomba Mental Hospital, komanso a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mukagonekedwa, ambiri amathandizidwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Munthu akayamba kulankhula zodzipha

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo abambo ndi amene amachuluka. Mawu akuti "mwamuna salira" ndikanakonda titawasiya, chifukwa amatsekera abambo pakamwa mpaka zinthu zifike poipa.

Mbale wanu akamati "bola kungofa" kapena "mudzandikumbuka", akayamba kugawa katundu wake kapena kutsanzika mosadziwika bwino, musayese nthabwala. Mufunseni mosapita m'mbali: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, koma kumamupatsa mpata wolankhula. Musamukalipire, musamuopseze ndi za machimo. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a m'munda ndi china chilichonse chimene angadzivulaze nacho, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale utakhala usiku.